Chitsekerero cha Buluu ku Mullawin

Mtembo wa Desmond Pruitt unapezeka Lachiwiri, nthawi ya 6:40 m'mawa, pansi pa thanki yaikulu ya madzi m'tauni ya Mullawin. Wapolisi wofufuza milandu, Mayi Glenys Harradine, amene anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, anafika 11 koloko kuchokera ku Geraldton.

Desmond ndiye ankatunga madzi a mumpopi mwezi uliwonse n'kuwatumiza koyeza. Madzi a ku Mullawin anali ndi mchere woipa wa m'nthaka, koma boma linapatsa tauniyo chilolezo chapadera: anthu azimwabe, bola mcherewo usadutse malire ena, ndipo makanda osakwana miyezi itatu azilandira madzi a m'mabotolo a zitsekerero za buluu.

Mtembowo unali ndi bala kunkhongo. Koma nkhope inali yosambitsidwa, maso otsekedwa bwino, chipewa chili pachifuwa.

Harradine anayambira kwa Raelene Dack, mwini malo omwera mowa, amene pamsonkhano wina wa anthu a m'tauni anaopseza kuti adzamiza Desmond m'thankimo.

"Ndinanenadi, mayi, sindikana," anatero Raelene. "Ndimatero chaka chilichonse akamawonjezera chilolezo chawocho. Koma m'mawa uno ndimatsitsa makireti a mowa, kafunseni dalaivala amene anawabweretsa. Ndiye ine kusambitsa Des kumaso? Mwamuna wanga amene sindinamusambitsepo!"

Dalaivalayo anavomereza. Harradine anabwerera kuthanki 2 koloko, akuganizira kolala ya shati ya malemuyo, imene inanyowa pomusambitsa kumaso. Madzi a mumpopi kumeneko akauma amasiya zoyera pachilichonse, koma kolalayo inauma yopanda banga. Ndiye kuti womusambitsayo sanagwiritse ntchito madzi a mumpopi. Anagwada n'kufufuza muudzu mpaka anatola chitsekerero cha buluu.

Atachionetsa kwa namwino wa pachipatala, namwinoyo sanachedwe kuyankha. "Khanda chaka chino ndi limodzi lokha, Ivy, mdzukulu wa Bambo Colin Treloar. Atakwanitsa miyezi itatu tinasiya kupereka mabotolo, monga mwa lamulo. Loweruka ndege inamutengera kuchipatala chachikulu ku Perth, milomo itada bii."

Nthawi ya 4:15, m'kachipinda kofunsira mafunso, Treloar anakhala manja ali pamaondo. Anali mkulu waimvi, wometa nkhosa wopuma ntchito. Harradine anamupatsa tiyi, kenako anaika chitsekererocho patebulo.

"Bambo Treloar, ndani anatseka maso a Desmond?"

Mkuluyo anayang'ana chitsekererocho. "Ntchentche zinayamba kumutera, mayi. Sindikanamusiya choncho. Tinayamba sukulu tsiku limodzi."

"Munapitiranji kuthanki?"

"Kukamufunsa chabe. Madokotala akuti madzi ndi amene adwalitsa mwana, pamene mapepala a Des akuti zonse zili bwino. Ndinamupeza akudzaza timabotolo toyezera ndi madzi amvula a m'chigubu. Ndinati, 'Iwe Des, ukuchita chiyani?' Iye akuti, 'Col, mcherewu unadutsa malire chaka chatha. Akadziwa alanda chilolezo, atseka sukulu, tonse tisamuka. Mkazi wako wagona m'manda a kuno, umusiyira ndani?' Ankalira, mayi. Sanali munthu woipa. Ankaganiza kuti akupulumutsa tauni."

"Kenako?"

"Ndinati, 'Nanga Ivy?' Akuti, 'Ndinkayesa miyezi itatu yakwanira.' Pamenepo ndinamukankha. Kamodzi kokha. Anamenyetsa mutu papaipi." Analoza chitsekerero chija. "Botolo limene ndinamusambitsira kumasolo linali lomaliza. Ndinkalisunga m'galimoto kuti Ivy akabwera adzamwe."

Harradine analemba zonse, n'kumuwerengera pang'onopang'ono. Mkuluyo asanasaine, foni ya wapolisiyo inalira. Anamvetsera, kenako anaitsitsa.

"Ndi namwino. Ivy wayamba kupuma yekha, popanda makina."

Treloar anabisa nkhope m'manja. Atadzutsa mutu anati, "Ndili ndi pempho limodzi. Timabotolo ta Des tisapite choncho. Akabwera mwanayo adzamwanso zomwezi."

Harradine anatulutsa m'bokosi la malemuyo, limene anabwera nalo kuchokera kuthanki, kabotolo kamene kanali kasanadzazidwe, n'kupita pampopi wa pakona pa chipindacho.

"Ayi, musafulumire, mayi," anatero mkuluyo. "Muziwasiya atuluke kaye mphindi ziwiri. Des ankatero, kale akuchita bwino."

Awiriwo anaima akuyang'ana wotchi ya pakhoma, madzi akuthira musinki. Mphindi ziwiri zitakwana, Harradine anadzaza kabotoloko, n'kulembapo tsiku ndi nthawi yeniyeni kuti kapite koyeza. Kenako anapatsa Treloar cholembera kuti asaine.