Tsitsi Lonyowa la Odile

"Adadi, n'chifukwa chiyani amayi amabwera tsitsi lili lonyowa pomwe kunja kulibe mvula?"

Josie anali wamng'ono pamene anafunsa funsoli, mpunga ndi nyemba zili m'kamwa. Bambo ake, Curtis Broussard, anangoseka osayankha.

Banjali linali lokoma. Curtis ankakonza magalimoto. Mkazi wake Odile ankagwira ntchito kumalo ofufuzira mankhwala kunja kwa tauni, kumene amasunga anyani ambirimbiri. Iye ankathandiza dokotala wa zinyama, a Fontenot, kusamalira anyani odwala: kutsuka mabala, kubaya jakisoni, kumwetsa amene akukana kudya. Loweruka awiriwa ankavina pakhonde, nkhanu zikuwira pamoto, Josie ali pakati pawo.

Kuntchitoko kunali lamulo. Wolowa m'chipinda cha anyani odwala amasiya foni ndi zovala zake m'kabati, ndipo potuluka amasamba thupi lonse mpaka kumutu. Curtis ankalidziwa bwino lamuloli kuyambira ali pachibwenzi. Koma funso la mwana linamukhala m'mutu, ndipo analakwa kukaliulula kwa mlongo wake Verna, mayi amene mabanja ake onse anamukanika koma a anzake amawadziwa mpaka kuchipinda.

"Achimwene, mukugona kapena?" anatero Verna. "Mkazi kusamba kuntchito tsiku ndi tsiku, foni osayankha? Ine ndagwira ntchito malo ambiri, palibe anandisambitsapo."

"Ndi za anyani zimenezo, Verna."

"Eya, nyani wake wa mandala uja, woyenda pa galimoto yoyera," anatero Verna, akunena a Fontenot.

Nsanje ndi yochititsa manyazi. Mwamuna wamkulu, wodziwa matenda a injini pongomvera ndi khutu, anayamba kununkhiza tsitsi la mkazi wake ngati galu. Ankaimba foni nthawi imene ankadziwa kuti ili m'kabati, kenako n'kumakwiya kuti sinayankhidwe. Umboni ankaupanga yekha, n'kumaukhulupirira yekha.

Kenako nyani wina wamkazi anadwala chibayo, ndipo Odile anati apitako ngakhale linali Lamlungu.

"Lamlungu lomwe?" Curtis anakalipa. "Nyani ameneyo ndi m'bale wako?"

"Bambo a Josie, akulephera kupuma. Tikapanda kumupatsa mankhwala lero, mawa amubaya jakisoni womupha kuti asavutike."

"Tikapanda? Iwe ndi ndani?"

"Ndi adokotala. Nyani wodwala sagwidwa ndi munthu mmodzi. Mukufuna andilume?"

"Ndiye mukamaliza mumakasamba."

"Aliyense kubafa kwake! Mulibe manyazi? Mwana akumva."

Odile anapsompsona Josie pamphumi n'kutuluka. Curtis anakasiya mwanayo kwa Verna, n'kukaimika galimoto panja pa geti la kuntchito kwa Odile, dzuwa likuswa mtengo. Anadikira.

Atatuluka Odile ndi a Fontenot, onse tsitsi linali lonyowa, ndipo ankaseka. Ankaseka chifukwa nyani uja anali atalandira mphesa ndi dzanja lake n'kudya. Curtis sanafunse. Anatenga sipanala yaikulu pansi pa mpando n'kuthamangira a Fontenot. Odile analowa pakati, manja ali m'mwamba, akuitana dzina la mwamuna wake. Chitsulocho chinamufikira kumutu. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Kukhoti, a Fontenot anafotokoza za lamulo la kusamba. Zipinda zosambira za amuna ndi za akazi zinali kumapeto osiyana a nyumbayo. Verna atafunsidwa anapukuta maso ouma n'kunena kuti, "Ine ndinkangocheza, bwana." Woweruza analamula Curtis kukhala kundende moyo wake wonse.

Ena anati chinamupweteka ndi chikondi. Bodza. Amene ananyamulapo mwana wake usiku akutentha thupi amadziwa kuti chikondi chimateteza. Curtis ankangodzikonda, ndipo anasankha kumvera lilime la munthu wosowa chochita kusiya mkazi amene ankamuuza zoona tsiku lililonse.

Josie analeredwa ndi amalume ake. Anakana kupita kundendeko mpaka atakula. Tsiku limene anapita, anakhala kuseri kwa galasi, nkhope yake ngati ya mayi ake, n'kunyamula foni yolankhulirana.

"Sindinabwere kudzakukhululukirani," anatero. "Mwina tsiku lina. Ndakula ndikuganiza kuti ndine ndinayambitsa, ndi funso langa lija. Simunandiyankhe."

Curtis, imvi zili mbuu, anasendeza foni pakamwa n'kuyankha.

"Sunalakwe, mwanangu. Yankho ndinali nalo tsiku lomwelo. Anyani amakhala ndi matenda oti angaphe munthu. Amayi ako ankasamba kuti akangofika pakhomo akunyamule."