Ndime Zofiira m'Buku la a Thawale

Mlondola, makina olondola magwero a zolemba, sankachedwa pa ntchito. Wophunzira akaika pepala lake pa galasi lalikulu la m'laibulale ya Koleji ya Chikala, mawu onse ankaoneka pakhoma n'kuyamba kusintha mtundu. Chiganizo chimene munthu wadziganizira yekha chinkakhala chakuda. Chimene wabwereka n'kutchula mwini wake chinkabiriwira. Koma chimene watola kwa wina mwakachetechete chinkafiira, ndipo pambali pake pankatuluka dzina la mwini wake, chaka ndi tsamba.

Makinawa anali atawerenga chilichonse chimene chinasungidwapo m'dziko muno: mabuku, nyuzipepala, makalata, ngakhale makope akale a kusukulu. Sankangoyerekeza mawu ndi mawu ayi. Ankazindikira kalembedwe ka munthu monga mmene timadziwira m'bale wathu pa kayendedwe akadali patali.

M'chaka cha 2068 koleji inalamula kuti mabuku a aphunzitsi nawonso adutse pa galasilo. Amene anagwirizana nalo kwambiri lamuloli anali a Thawale, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene anaphunzitsa kalembedwe zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Buku lawo, lophunzitsa kumanga chiganizo ndi kutchula magwero, linkawerengedwa ndi wophunzira aliyense wa chaka choyamba. Panthawiyi n'kuti patapita miyezi isanu ndi itatu chimwalirire akazi awo, ndipo ku koleji sankabwerako kawirikawiri.

Lachiwiri lina m'mawa anaitanidwa ndi Mayi Likhutcha, mkulu wa nthambi ya zilankhulo, amene kale anali wophunzira wawo. Anawapeza m'laibulale ali okha, chitseko chitatsekedwa.

"Aphunzitsi, khalani pansi kaye."

"Ndinaima kutsogolo kwa kalasi mpaka imvi, mayi. Kuima kwa lero sikungandiphe."

Mayi Likhutcha anaika bukulo pa galasi. Mutu woyamba unadutsa wakuda ndi wobiriwira, wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa mutu wachisanu, wonena za kutchula mwini mawu, umene ophunzira ankaukonda mpaka kuloweza, khoma linafiira. Ndime makumi anayi ndi imodzi.

A Thawale anakhala pansi.

"Makinawa atopa," anatero. "Mlondola, mwini wake ndani?"

"Elube Nasibeko," anayankha mawu ofatsa ochokera m'khoma. "Anali mlembi wa amayi a Mvano a ku Jali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Amayiwo anapereka makope ake kosungira zakale mwezi watha. Kalembedwe ka ndimezi ndi kake. Zitsanzo zisanu ndi zinayi zikupezeka m'makope ake bukuli lisanalembedwe."

Pakhoma panaoneka tsamba la kope, zilembo zozungulira zopendekera kumanzere. A Thawale anazidziwa asanaziwerenge. Linali dzanja la akazi awo. Patsambapo ankalemba za mayi wina amene anaphunzira nyimbo ku mpingo wina n'kumati waipeka yekha, ndipo m'munsi anaika mawu akuti: Ukakapala moto kwa mnzako, usamauze ana kuti wapekesa wekha. Mawu omwewo ndi amene ankatsegula mutu wachisanu.

"Bungwe loweruza nkhani zotere likumana Lachisanu," anatero Mayi Likhutcha. "Lamulo mukulidziwa, munalemba nawo. Buku lopezeka chonchi limachotsedwa, ndipo dzina la mwini wake limafufutidwa pa mndandanda wa aphunzitsi olemekezeka." Anatsitsa mawu. "Koma njira ilipo. Mungosaina kuti mayi ankamva zimenezi kwa inu kunyumba n'kumakalemba ku Mvano. Anthu odyera mbale imodzi, ndani angatsutse? Mlondola amadziwa masiku a mapepala, sadziwa zimene zinkayankhulidwa pakhonde."

"N'kutheka kuti zinali choncho," anatero a Thawale.

"Ndi choncho kumene, aphunzitsi. Mayi aja sukulu analekezera Folomu Thuu."

A Thawale anayang'ana wophunzira wawo wakaleyo mpaka Mayi Likhutcha anayamba kukonza mapepala amene anali okonzeka kale. Kenako a Thawale anatenga pepala loti asaine, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la jekete.

Atafika kunyumba masana, anakoka sutikesi yachitsulo imene inali kunsi kwa bedi. A Thawale anali mmodzi mwa anthu otsiriza kulemba ndi cholembera. Zonse ankalemba pamanja, akazi awo n'kumatayipa pa kompyuta, ndipo mapepala oyambawo a Nasibeko ankawamanga ndi luzi, mutu uliwonse pawokha. Anamasula mtolo wachisanu.

Unali masamba atatu okha. M'buku losindikizidwa mutuwo unali masamba khumi ndi asanu ndi anayi.

Anawerenga zimene analemba iwowo. Zinali zoona zonse, koma zouma ngati mapesi. Chiganizo china chinali ndi mizere khumi ndi umodzi, chongolumikizidwa ndi "ndipo" ndi "komanso". Za moto munalibe. Munalibenso za khasu lobwereka limene umabweza utalitsuka, kapena za mwana amene amanena uthenga osatchula amene wamutuma.

Anakumbukira mmene zinkakhalira. A Nasibeko akapeza chiganizo chotere potayipa, ankawaitana amuna awowo ali kale pakhomo, chikwama m'manja. "Bambo a Dalo, apa mwayenda ulendo wautali osapuma. Ana aja afika ali moyo?" Iwo ankayankha akuthamangira kalasi kuti, "Konzani, konzani." Tsiku lina a Nasibeko anati, "Apa palibe angamve. Ndiikepo kachitsanzo?" Yankho linali lomwelo.

Buku litatuluka, a Thawale anawerenga mutu wachisanu atakhala pakhonde, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Koma apa ndinalemba, a Nasibeko." A Nasibeko ankasita malaya pamenepo. Anati, "Munalemba ndithu," n'kutembenuza malayawo.

A Thawale sananame tsikulo. Ankakhulupiriradi kuti mawuwo ndi awo, chifukwa ankawamva m'nyumba tsiku ndi tsiku mpaka anasiya kusiyanitsa. Anatsegula tsamba lothokoza la bukulo. Anathokoza akatswiri asanu ndi awiri ndi maudindo awo onse. Mzere womaliza unali wakuti: Ndikuthokozanso mkazi wanga potayipa.

Anakhala pamkeka pomwepo mpaka dzuwa linachoka pazenera.

Lachisanu anapita ndi mtolo uja. Bungwe linali la anthu asanu, onse anadutsa m'manja mwawo, ndipo palibe ankafuna kuwayang'ana kumaso. A Thawale anaika masamba atatuwo pa tebulo, n'kuika pambali pake pepala lija losasaina.

"Anga ndi awa," anatero. "Otsalawo ndi a mayi akunyumba. Sanakopere kwa ine. Ndinakuphunzitsani nonsenu kuti kusadziwa si chowiringula, choncho musandichitire chisoni chimene sindinakuchitireni inu. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Dzina langa chitani nalo monga lamulo likunenera, koma bukuli musalitaye. Mukalitaya mutaya iwowo, ndipo sanalakwe kanthu."

"Aphunzitsi," anatero Mayi Likhutcha, "ine munandilepheretsa chifukwa choiwala nambala ya tsamba limodzi."

"Tsamba 62. Ndikukumbukira."

"Ndinalira sabata yathunthu."

"Koma simunaiwalenso."

Ena anaseka pang'ono, ndipo m'chipindamo munapepukako. Anakambirana mpaka masana. Dzina la a Thawale linachotsedwa pa mndandanda uja, pakuti lamulo silinasiye mpata. Koma bukulo anagamula kuti lisindikizidwenso ndi mayina awiri, ndipo a Thawale anaumirira kuti la a Nasibeko likhale patsogolo.

Chigamulocho atachiika pa galasi, Mlondola anachita chinthu chimene palibe anachiganizira. Ntchito yake inali yoti gwero lililonse likhale lolondola, choncho anabwerera m'zolemba zonse zimene zinatchulapo bukulo. Pasanathe ola, m'mapepala a ophunzira zikwi makumi atatu, ena a anthu amene tsopano ndi oweruza milandu ndi madokotala, dzina la Elube Nasibeko linali litalowa pamalo pake. Sabata yotsatira akuluakulu ena opuma pa ntchito anayamba kubwera ku laibulale mmodzimmodzi, atanyamula makalata akale a akazi awo, a azilongo awo, a alembi awo, kudzaona ngati nawonso anatola mawu a eni ake. Ena ankatuluka mwamsanga. Ena ankakhalitsa.

A Thawale anabweranso kamodzi, m'mawa ophunzira asanadzaze.

"Mlondola, ndime zija zikadali zofiira?"

"Zabiriwira tsopano. Mwini wake watchulidwa."

"Ungandipatulire zokhazo? Zanga uchotsemo."

Makina osindikiza analira pang'ono, masamba n'kutuluka akadali ofunda. A Thawale anawagwira ndi manja awiri. Chimwalirire akazi awo anali atawerenga makalata awo onse mpaka kuwaloweza, ndipo ankayesa kuti palibenso mawu ena otsala. Tsopano anali ndi ndime makumi anayi ndi imodzi zimene anaziwerengapo kambirimbiri osamva amene akuyankhula.

"Zikomo," anatero.

"Ndangolondola," anayankha Mlondola.

"Ine ndinali ndi zaka makumi anayi za m'banja zochitira zomwezo."

Anatuluka n'kukakhala pa benchi ya pansi pa mtengo wa mbawa, ophunzira akudutsa ndi zikwama zawo. Anaganiza zowerenga ndime imodzi pa tsiku kuti zisathe msanga. Anawerenga yoyamba pang'onopang'ono, ndipo pofika pakati ankamva pamene a Nasibeko akanapumira, ndi pamene akanawayang'ana cham'mbali kuti aone ngati akumvetsera.

Anthu anapanga makinawo kuti azigwira akuba, ndipo anagwiradi mmodzi, koma wakubayo anapita kwawo akuthokoza, atanyamula mawu a mkazi wake.