Tawina Alibe Chiwanda

Tawina anakumana ndi Kingsley pa siteji ya Naisi, tsiku limene mahedifoni ake anathyoka.

Mahedifoniwo sankamvera nyimbo ayi. Ankawavala kuti azitsekereza phokoso. Tsikulo wina anamugunda ndi dengu la tomato potsika minibasi, mahedifoni n'kugwa, njinga ya kabaza n'kuwaponda. Pompo siteji yonse inamulowa m'mutu: anyamata oyitanira, mahutala, wailesi ya m'golosale, mwana wolira pamsana pa mayi wina. Tawina anatseka makutu ndi manja n'kuyamba kudzigwedeza, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Anthu anamuzungulira. Ena ankaseka.

Mnyamata wina wa malaya oyera anaima patsogolo pake, osamugwira. Anamuuza motsitsa mawu kuti kuseri kwa golosale kuli mtengo wa mango ndipo kulibe anthu. Tawina anamutsatira. Anakhala kumeneko mpaka mtima unabwerera m'malo, mnyamatayo akumanga mahedifoni aja ndi kalabala ka njinga.

"Dzina langa ndine Kingsley. Nanga mngelo amene ndamupulumutsayu ndi ndani?"

"Ine si mngelo. Ndine Tawina."

Kingsley anaseka mpaka misozi. Tawina sanamvetse chimene chinali choseketsa, koma kusekako sikunamupweteke ngati kwa anthu a pa siteji aja.

Tawina ankakhala ndi amayi ake kwa Malemia. Kuyambira ali mwana anamupatsa mayina ambiri: wamwano chifukwa sankayang'ana munthu m'maso, wopepera chifukwa nthabwala zinkamudutsa, wolodzedwa chifukwa phokoso likachuluka ankakuwa n'kudzigwetsa. Anafika pokula asanamve dzina lenileni la zimenezi. Dokotala wina ku Zomba ndi amene anamuuza kuti ndi otizimu, kuti si misala, si ufiti, ndipo si chinthu chochotsa ndi mankhwala. Ubongo wake unangopangidwa mwa mtundu wake.

Kuchokera pamenepo anadzipezera njira zokhalira. Ankapita kumsika anthu atachepa. Ankadula timapepala ta m'khosi mwa zovala chifukwa tinkamulasa ngati minga. Ntchito ankagwira kwa mnzake Zulfa, amene makolo ake ankagulitsa mpunga ku Domasi. Tawina ankakhala m'chipinda cha kumbuyo ndi lichero, kupeta ndi kusankha timiyala, ndipo ankaikonda ntchitoyo chifukwa mpunga sufunsa mafunso. Zikamuchulukira ankatsikira kumtsinje, kuviika mapazi m'madzi ozizira ochokera kuphiri, n'kubwerera ali bwino.

Za amuna anali atazitaya. Ndani angafune mkazi wosavina pa ukwati, wothawa pa chinkhoswe cha mchemwali wake yemwe?

Koma Kingsley anayamba kutumiza mauthenga.

"Wadzuka bwanji duwa langa la kwa Malemia?"

"Switi wanga, lero ndadya nsomba koma sinakome chifukwa iwe kulibe."

Tawina anamulangiza kuti mwina mchere unachepa. Kingsley anayankha ndi timitima tambirimbiri, kenako uthenga umene Tawina anauwerenga mpaka kuuloweza: "Dziko likamakusokosa, ine ndidzakhala malo ako a chete. Sindidzakuchititsa manyazi mpaka imfa."

Tawina sankanena chinthu chimene sakutanthauza. Ndiye ankaganiza kuti munthu akalemba "mpaka imfa", ndiye kuti mpaka imfa.

Ankakumana Lamlungu masana m'mbali mwa minda ya mpunga, kumene kunali bata. Kingsley ankamvetsera kuposa munthu aliyense amene Tawina anamudziwapo. Ankafunsa kuti chimamupweteka kwambiri n'chiyani, chimayamba bwanji, akagwa pansi amamva chiyani. Tawina anamuuza zonse. Anamuuza kuti phokoso lochokera kumbuyo mwadzidzidzi limakhala ngati wamubaya ndi msomali m'khutu. Kuti kumugwira pamutu sapirira. Kuti mafuta kapena chilichonse choterera pakhungu chimamuchititsa nseru. Kuti zikafika pachimake mawu amamuthawa, amangogona ngati wafa, koma amamva zonse.

Amayi a Tawina anasangalala kwambiri. Anayamba kumuphera nkhuku Kingsley asanatchule n'komwe za ukwati. Zulfa yekha ndi amene sanatengeke. Tsiku lina akusoka thumba la mpunga anafunsa mnzakeyo ngati Kingsley anamufunsapo chimene amakonda, osati chimene chimamupweteka chokha.

Tawina anaganiza kwa nthawi yaitali. Anayankha kuti ayi, sanafunsepo. Koma anaonjeza kuti munthu wofuna kukuteteza amayenera kudziwa zokupweteka. Zulfa anangoluma ulusi n'kupitiriza kusoka.

Mvula itasiya, Kingsley anabwera ndi nkhani yabwino. Amalume ake ankafuna kumuona Tawina Loweruka kuti za chinkhoswe ziyambe kuyenda. Tawina anafunsa kuti kudzakhala anthu angati. Kingsley anati amalume ndi akazi awo basi, pakhonde, ndi tiyi.

Loweruka lija Tawina anavala diresi yake yofewa ya buluu. Atakwera njinga yamoto, Kingsley anamupempha mahedifoni. Anati pamaso pa akuluakulu sizioneka bwino, angaganize kuti ndi mwano. Anawaika m'chikwama chake n'kumutsina tsaya.

"Usaope, mtima wanga. Ndili pompano."

Njinga sinaime pakhomo pa munthu. Inaima pa bwalo lina pamene panali chitenti chachikulu, anthu odzaza, ndi chinsalu cholembedwa dzina la Mneneri Yoswa. Tawina anakana kutsika. Kingsley anati amalume ali m'katimo, angowatenga n'kumapita, ndipo pa nthawiyo anthu anali chete, akupemphera chamumtima. Anamugwira dzanja n'kumulowetsa. Anamuimika kutsogolo, chimsipika chachikulu chili kumsana kwake. Kenako dzanja la Kingsley linachoka.

Chimsipika chinaphulika ndi phokoso.

Tawina anakuwa. Anatseka makutu koma amuna awiri anamugwira mikono n'kuitambasula. Mneneri anafika ndi botolo, anamuthira mafuta pamutu mpaka kuyenderera m'khosi, n'kumukanikiza chikhatho pa liwombo, uku akukalipa pa maikolofoni kuti tuluka, tuluka. Tawina anadzigwedeza, anadzimenyetsa, analuma wina. Anthu anaimirira pamipando, mafoni m'mwamba. Diresi ija inakwera, mayi wina n'kumuponyera chitenje. Kenako mawu anamuthawa, thupi linafooka, anagona pafumbi.

"Chatuluka!" anatero mneneri, ndipo tenti yonse inalulutira.

Tawina ankamva zonse.

Kingsley anamubwezera kwawo madzulo. Anauza amayi a Tawina kuti iye sankadziwa, amalume anali atachoka, mneneri anangomuona Tawina mwa mzimu n'kumuitana. Analira ndithu, misozi yeniyeni. Amayi a Tawina anamutonthoza, ndipo pansi pa mtima ankadzifunsa: nanga bwanji ngati mwana wawo wachiradi?

Tawina anakhala masiku osalankhula, osadya. Anasamba mutu ndi sopo wochapira mobwerezabwereza koma fungo la mafuta aja silinkachoka. Foni inkangolira. "Duwa langa pepa." "Switi wanga ndiyankhe." "Ine ndi iwe mpaka imfa." Ndipo iye ankafunitsitsa kukhulupirira. Kodi si yemweyu anamuchotsa pakati pa anthu omuseka?

Zulfa anabwera pakati pa sabata, nkhope ili gwaa. Anakhala pamphasa n'kunena kuti pali kanema amene wazungulira mafoni onse kuyambira ku Songani mpaka ku Malosa, wolembedwa kuti chiwanda chatuluka mwa mtsikana wa ku Domasi. Koma panalinso kanema wina, wojambulidwa ndi mayi wina wogula mpunga kwawo, amene anakhala cha kumbali. Anafunsa ngati Tawina akufuna kuonera. Anatsitsiratu mawu a foni.

Tawina anadziona yekha ataima kutsogolo, manja pachifuwa, akuyang'ana uku ndi uku kufunafuna amalume. Anaona Kingsley akumusiya. Anamuona akupita kwa mneneri, kumunong'oneza, n'kudzigwira pamutu kusonyeza pogwira. Anamuona akupita kwa mnyamata woyendetsa zokuzira mawu, kukweza dzanja, kudikira, kenako kulitsitsa. Ndipo pamene iye ankagubuduka pafumbi, Kingsley anali chiimire ndi foni, akusuntha pang'onopang'ono kuti nkhope ya Tawina ioneke bwino.

Zulfa anati anafunsafunsa. Kingsley ndi wantchito wa mneneriyo, ntchito yake n'kupeza anthu oti akagwe. Chaka chatha anali pa chibwenzi ndi mtsikana wina wa khunyu, anamuuza kuti asiye mankhwala sabata ya msonkhano. Nayenso ankamutcha duwa.

Tawina sanalire. Anadzuka, anatuluka, anafika kuseri kwa nyumba n'kusanza. M'mimba munalibe chakudya koma ankangosanzabe. Anakumbukira Lamlungu lililonse m'mbali mwa mpunga, mmene Kingsley ankapendekera mutu pomvetsera, mmene ankanenera kuti pitiriza, mtima wanga, ndiuze zonse. Anayang'ana dzanja limene Kingsley ankaligwira, n'kulipukuta padothi.

Amayi ake nawonso anaonera kanemayo. Anaonera kawiri. Kenako anangokhala pansi pakhomo atagwira pakamwa.

Mawa lake masana Kingsley anafika atavala jekete, akununkhira. Anakhala pakhonde, anapempha madzi akumwa, amayi anamupatsa m'kapu osamupatsa moni. Tawina atatuluka, Kingsley anagwada bondo limodzi n'kutsegula kabokosi ka mphete.

Analankhula zambiri. Anati masiku amenewa sanagone, kuti Tawina ndi nthiti yake, kuti adzamumangira nyumba ya malata kutali ndi msewu kumene kulibe phokoso. Kenako anati pali kanthu kamodzi kokha kakang'ono. Lamlungu Tawina apite akaime kutsogolo, anene mawu ochepa chabe, kuti anali womangidwa koma tsopano wamasulidwa. Zikatero, chinkhoswe mwezi womwewo.

Tawina ankayang'ana mphuno ya nsapato ya Kingsley. Anafunsa ngati amalume aja alipo.

Kingsley anati alipo, kungoti ali ku Joni.

Anafunsa ngati dzanja lija analitsitsa dala.

Kingsley anazindikira kuti Tawina waonera kanema womuulula. Anadzuka, anapukuta bondo, ndipo mawu ake anasintha. Anati Tawina asaiwale kuti palibe mwamuna wina amene angamutenge mmene alilimu. Anati iye anamuchitira chifundo, ndipo anthu ambiri alimbikitsidwa m'chikhulupiriro chifukwa cha kanemayo.

Kuyambira tsiku la ku Naisi, Tawina ankamutchula kuti inu. Apa anakweza maso n'kumuyang'ana kumaso, chinthu chimene chinkamuwawa kuchita, ndipo sanaphethire.

"Iwe," anatero. "Ndinakuuza zondipweteka kuti uzinditchinjiriza. Iwe unakazipereka kwa anthu kuti andipweteke nazo bwino. Ndinagona pafumbi ndikumva mawu ako ukuuza munthu kuti asunthe, akukutchinga. Ndilibe chiwanda. Ndili ndi otizimu, ndinabadwa nayo, ndidzafa nayo, ndipo sinandinamizepo ngati iwe. Ukundinyansa. Choka."

Kingsley anatembenukira kwa amayi, n'kuyamba kuti amayi, muuzeni mwana wanuyu. Amayiwo anali atatola kale mpini wa khasu umene unali pakhonde. Sanaukweze. Anangomuuza kuti wamva zimene mwini wake wanena, ndipo akadzapondanso pakhomopo adzatuluka ndi mwendo umodzi.

Kingsley atapita, Tawina anatenga kamtengo, anakola nako kapu imene Kingsley anamwera, n'kukaiponya kudzala. Amayi ake, amene sankataya ngakhale chitini chobooka, anangoyang'ana. Kenako anatunga madzi n'kutsuka pakhonde pamene Kingsley anakhala.

Usiku wa tsikulo ndi pamene Tawina analira. Chifukwa ngakhale zinali zabodza, kwa miyezi ingapo anali atalawa kukhala munthu wofunidwa, ndipo zinali zokoma.

Lolemba anadzuka, anamanga mpango, anauyamba ulendo wa kuntchito wapansi, podutsa njira ya m'minda kumene kulibe magalimoto. Pa kamlatho anakumana ndi mayi wina wosenza nkhuni. Mayiyo anaima, anamuyang'anitsitsa, nkhope n'kuwala.

"Si inu a mu kanema uja? Amene munachiritsidwa?"

"Ndine ndemwe," anayankha Tawina. "Koma sindinkadwala."

Anamulambalala mayiyo n'kupitiriza ulendo. Mpunga unali ukumudikira.