Boneti Yofunda Mamawa

Loweruka madzulo timakonda kusonkhana kuseri kwa galaja ya a Pulagi. A Pulagi ndi makaniko wathu. Dzinalo anapatsidwa chifukwa galimoto iliyonse ikabwera ikutsokomola, mawu awo oyamba amakhala akuti, "Ndi mapulagi amenewo." Timakhala pa matayala akutha, tiyi ali m'manja, n'kumakambirana za galimoto, ngakhale ena mwa ife alibe ndi njinga yomwe.

Loweruka lina panali aphunzitsi ena achinyamata amene ankafuna galimoto yawo yoyamba. Aliyense ankawaponyera nzeru zake. Wina anati ayang'ane dzimbiri pansi pa zitseko. Wina anati anunkhize oilo. A Pulagi anadikira kuti phokoso lithe.

"Aphunzitsi, wakutsina khutu ndi mnansi," anatero. "Galimoto sagula masana. Muzipita mamawa, mwini wake asanasukusule. Musapereke ndi moni womwe, yambani mwaika dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, bwererani. Ndiye kuti wailiza kaye kuti abise matenda. Injini yozizira sinama."

Tonse tinaseka. Kenako ine, amene sindiyankhulayankhula, ndinati, "Ndili nayo yogulitsa."

Anandiyang'ana onse. Ankaidziwa galimotoyo, yakale, yobiriwira, ya zitseko zinayi. Ankadziwanso kuti chibwerereni kuchokera kunja sindinaitulutsepo.

Ndinaigula tili achinyamata, ine ndi mayi a kunyumba. Lamlungu lililonse madzulo tinkapita kokayenda. Ndinkayamba ndailiza kuti injini itenthe, iwo atakhala pambali panga, kachikwama kali pamiyendo. Sankachedwa kutopa. "Kodi zakwana?" ankafunsa. Ine ndinkayang'ana kasingano kosonyeza kutentha kwa injini, n'kuyankha kuti, "Zakwana. Mangani lamba tizipita."

Kenako ndinapeza ntchito kunja, yokonza mapampu m'fakitale. Ndinkati ndikakhala zaka ziwiri. Zinakwana khumi ndi zinayi. Ponyamuka ndinawalembera malangizo, masamba atatu a kope. Oilo ayang'ane chonchi, madzi athire apa. Chachikulu chinali chakuti galimoto yongoima imafa, choncho aziiliza mamawa uliwonse kwa mphindi khumi. Kuyendetsa sankatha, koma kuliza ndinawaphunzitsa: kukokera mpando kutsogolo, poti anali aafupi, kuponda kawiri, ndiye kupotokola makiyi. Ankadzuka folo koloko. Pa foni ankandiseka kuti ndinawasiyira mkazi mnzawo woti azimusamalira.

Anamwalira ine ndili komweko. Alamu anga, achimwene awo, anandiimbira foni n'kunena kuti ndi mtima. Ndinafika ataikidwa kale. Nditabwereratu kumudzi patatha zaka ziwiri, ndinapeza galimoto ili pa njerwa, batire atachotsamo. Ndikaiyang'ana, ndinkangoona iwo. N'chifukwa chake ndinkafuna ichoke.

Lolemba kusanache bwino, aphunzitsi anafika ndi a Pulagi, amene ananyamula batire lawo loyesera. Ndinatsegula loko, n'kukankha chitseko chachitsulo cha galaja yanga. Aphunzitsi anakumbukira phunziro lawo. Anadutsa osandipatsa moni, akumwetulira, n'kuika dzanja pa boneti.

Kumwetulira kuja kunatha.

"Madala," anatero, "ngakhale inu?"

"Ngakhale ine chiyani?"

"Mwailiza."

Ndinaikapo dzanja langa. Inali yofunda ngati pamene pangochoka munthu pabedi. A Pulagi anatsegula boneti. Pamalo a batire panali zii, mawaya awiri akungolendewera. Anakhudza injini, n'kubweza dzanja msanga. Anapita kumbuyo, anagwada, n'kukhudza ekizozi, paipi yotulutsa utsi. Pansi pake panali timadontho ta madzi, tosauma.

"Batire mwabisa kuti, achimwene?" anandifunsa chapansipansi.

"Ndilibe batire."

"Ndinkakuyesani munthu wamkulu," anatero aphunzitsi, n'kutuluka.

Mawu amenewo anandipweteka. Zaka zonse zija kwa eni sindinabepo ndi nati yomwe, ndiye ndidzatchedwe kamberembere pakhomo panga? Ndinauza a Pulagi kuti atenge makiyi a galimoto, atseke galaja ndi loko wawo, adzabwerenso mawa. Anachita zomwezo. Anathiranso fumbi la choko pansi, kuzungulira galimoto yonse.

M'mawa mwake loko anali momwe anamusiyira. Pa choko panalibe phazi la munthu, ngakhale la khoswe. Boneti inali yofunda.

A Pulagi anasuzumira pawindo. "Mpandowu dzulo ndinaukankhira kumbuyo ndine, kuti miyendo yangayi ikwane," anatero. "Waubweza ndani?"

Mpando wa dalaivala unali kutsogolo, pafupi ndi chiwongolero.

Ndinangowapempha kiyi wa loko wawo uja. Makiyi a galimoto ndinati akhale nawo. Ndinawauza kuti usiku umenewo ndigona m'galajamo, ndione ndi maso anga.

"Musachite zimenezo nokha," anatero. "Zina si za sipanala."

"Mubwere mamawa ndi aphunzitsi. Ndidzakuuzani amene akundichititsa manyazi."

Ndinalowa cha m'ma teni. Ndinatenga kampando, bulangete, tochi ndi chitsulo chomasulira matayala. Ndinatseka chitseko, n'kukoka mpiringidzo wa m'kati. Chitseko chimenecho ndinalipira ndine ndili kunja, akuba atavuta m'dera lathu. Kale panali cha matabwa, cha mipata yoti mphaka n'kudutsa. Chatsopanochi chinali cholimba, chogwirana bwino, chopanda ndi kampata kolowa mphepo. Ndinakhala pakona, pafupi nacho, n'kuzimitsa tochi.

Maola anayenda. Agalu anauwa, n'kusiya. Ndinamva galimoto yomaliza ikudutsa pamsewu. Kenako kunangoti zii. M'galajamo munkanunkha oilo wakale ndi fumbi. Ndinawodzera, n'kudzidzimuka, n'kuwodzeranso.

Chimene chinandidzutsa ndi fungo la sopo.

Sopo wamba, wosambira, amene sanalowe m'nyumba mwanga chimwalirireni mayi a kunyumba. Ndinayang'ana wotchi yanga ya manambala owala. Folo koloko.

Chitseko cha dalaivala chinalira kuti khete.

Sindinamve mapazi. Ndinangomva chitsekocho chikutseguka pang'onopang'ono, ndi kulira kwake kuja kumene ndinkalonjeza chaka ndi chaka kuti ndidzathira girisi. Galimoto inatsikira mbali imodzi pa njerwa zake, pang'ono chabe, ngati mwalowa munthu wopepuka. Chitseko chinatsekeka.

Tochi inali m'dzanja langa, koma chala chinakana kudina.

Mpando unakokedwa. Kenako ndinamva kuponda. Kamodzi. Kawiri.

Injini inalira.

Inalira bwino, abale. Mosatsokomola, mosanjenjemera, ngati tsiku limene ndinaigula. Timagetsi ta pa dashibodi tinayaka, tobiriwira. M'kuwala kochepako ndinaona mutu wa munthu, waufupi, wongopitirira pang'ono chiwongolero. Unali utavala duku. Sunatembenuke. Unkayang'ana kasingano.

Chitsulo chija chinagwa pansi, koma wa m'galimotoyo sanatekeseke. Anangokonza kukhosi kawiri, kakhosomo kouma kamene ndinkakamva pa foni kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Utsi unayamba kudzaza. Poyamba unkangoyabwa m'maso. Kenako mutu unayamba kugunda. Apa m'pamene nzeru za umakaniko zinandibwerera: injini ikulira, chitseko chili chotseka. Mpiringidzo unali pomwepa, mkono umodzi kuchoka pamene ndinakhala. Ndinatambasula dzanja. Linali lolemera ngati thumba la simenti. Ndinaugwira, koma zala zinaterereka. Miyendo inalobodoka. Ndinapezeka ndagwada pa choko chija, tulo tokoma tikundikoka.

Galasi la windo linatsika pang'ono. Ndinamva chogwirira chake chikuzungulira.

"Bambo a kunyumba."

Mawu ake anali omwe aja. Osakwiya, osadandaula. Otopa chabe.

"Kodi zakwana?"

Pakamwa panga panatseguka pokha. Yankho linali pa lilime, lozolowereka, loti lingogwa. Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi. Kenako kunada bii.

Ndinatsitsimuka ndili pa udzu, kunja kukuyera, a Pulagi akundithira madzi kumaso. Aphunzitsi anaima chapatali, manja ali pamutu. Chitseko chachitsulo chinali chopindika pamene anachikanula ndi mgwala.

"Tinagogoda mpaka manja kupweteka," anatero a Pulagi. "Utsi umatuluka pansi pa denga. Achimwene, munalowamo bwanji m'galimoto? Makiyi ali m'thumba mwangamu, ndipo dzulo zitseko zonse ndinakhoma ndekha."

"Sindinalowemo. Ndinagwera pachitseko."

Anayang'anizana ndi aphunzitsi.

"Takupezani pa mpando wa kutsogolo, mbali ya wokwera," anatero aphunzitsi. "Mutakhala bwinobwino. Lamba atakumangani."

Anagwada pambali panga n'kundigwira dzanja. "Madala, mundikhululukire mawu aja. Koma galimoto imeneyi, ngakhale yaulere, ayi."

Kuchipatala anati ndinapuma utsi wambiri, ndipo ndikanachedwa pang'ono sakanandidzutsa. Alamu anabwera kudzandiona madzulo ake. Anakhala pansi akupotokola chipewa chawo.

"Alamu, tinakubisirani," anatero. "Sunali mtima. Mlongo wanga tinamupeza m'galimoto muja, patangotha sabata chiikireni chitseko chatsopano. Ankaopa akuba, ndiye ankadzitsekera. Kope lanu lija linali pamiyendo pake. Tinaona kuti mukamva, mudzadziimba mlandu."

Kopelo ndili nalo. Ndaliwerenga kambirimbiri. Za oilo zilimo, za madzi zilimo, za kuponda kawiri zilimo. Zoti chitseko chizikhala chotsegula mulibe. Mwana aliyense wophunzira umakaniko amauzidwa zimenezo tsiku loyamba. Ine sindinalembe, poti chitseko chakale chinali ndi mipata. Potumiza ndalama za chatsopano, ndinangofunsa ngati n'cholimba.

Nkhani inafala. Amayi a pa mpopi amanong'onezana kuti malemu anabwera kudzanditenga, n'chifukwa chake anandimanga lamba. Ena amati ayi, munthu uja analibe mtima woipa, akungogwira ntchito imene anapatsidwa, poti palibe anamuuza kuti asiye. Ana akamadutsa pageti panga amathamanga.

Loweruka lina a Pulagi anandikokera pambali. "Achimwene, langizo langa ndi laulere. Mwini ntchito ndinu. Akadzafunsanso, ayankheni kuti zakwana, akapume."

Ndinagwedeza mutu ngati ndavomera. Iwo sadziwa chimene chinkatsatira mawu amenewo Lamlungu lililonse. Injini ikatentha, chotsala ndi ulendo.

Chitseko chachitsulo ndinachichotsa, ndinachipereka kwa ogula zitsulo zakutha. Galaja ili pululu usana ndi usiku, mphepo ikungodutsa. Galimoto ikadali pa njerwa zake, yopanda batire. Ine ndimagona m'nyumba, chitseko chokhoma, koma folo koloko isanakwane ndimakhala ndili maso. Ndimamva khete. Kuponda kawiri. Kenako injini.

Kale inkalira mphindi khumi n'kuzima. Ndimawerenga pa wotchi. Mwezi watha inayamba kufika khumi ndi zisanu. Dzulo yalira theka la ola, ndipo itazima sindinamve chitseko chake chikutsekeka. Ndinangomva fungo la sopo, pafupi, ngati kuseri kwa windo la kuchipinda.

Ndinadzifunditsa kumutu, nditatseka pakamwa ndi dzanja. Ndimaopa kuyankha m'tulo.