Batani Lokana la a Dechev

"Mu Plovdiv muno mulibe sitolo ya pa intaneti imene inalipitsidwapo chindapusa itadutsa m'manja mwanga. Ine ngakhale ku Brussels, kochokera malamulo a ku Ulaya, amandidziwa."

Anali Ventsi Dechev, Lolemba m'mawa, m'kanyumba komwera khofi ka pafupi ndi polisi, mumzinda wa ku Bulgaria umenewu. Ankauza mwini malowo, koma mawu ankaponyera aliyense. Inspekitala Tsvetana Bozhkova anali pakona, akudya banitsa, chitumbuwa cha tchizi, yozizira kale. Sanadzutse mutu. Zaka za upolisi zinali zitamuphunzitsa kuti anthu odziwika ku Brussels sakonda kumwa khofi wotchipa chonchi.

Ntchito ya Dechev inali yoika timabokosi. Ukatsegula sitolo pa intaneti, pamatulukira kabokosi kofunsa ngati ukulola makuki, timapulogalamu tozonda tija, kuti tizitola za iwe n'kupereka kwa amalonda ena. Lamulo limafuna mabatani awiri, lovomera ndi lokana. Dechev ankaika onse awiri, owala bwino. Eni masitolo ankamulipira n'kukagona mtima uli pansi.

Lachitatu masana mu ofesi ya Bozhkova munalowa mayi woonda, Nevena Kirova, mphunzitsi wa masamu. Anakhala asanauzidwe.

"Ndili ndi khansa, bwana. Tsitsi mukuonali n'logula. Ndinaligula pa intaneti, kusitolo ina ya mawigi ya mumzinda muno. Kabokosi kaja katatuluka ndinadina lokana. Ine ndimakana zonse, ndine mphunzitsi."

"Ndiye?"

"Ndiye akuimba ogulitsa mabokosi a maliro. Akuti odwala amawatsitsira mtengo."

Bozhkova anaika cholembera pansi.

"Ndinalemba nambala ya foni ya m'nyumba, poti kusukulu timazimitsa zathu," anapitiriza Kirova. "Ndimakhala ndi amayi anga. Ndi okalamba, mtima wawo ndi wofooka, ndipo sakudziwa kuti ndikudwala. Tsiku lina foniyo adzayankha ndi iwowo."

"Izuleni."

"Ndi imene amakanganirana ndi achemwali awo a ku Varna tsiku lililonse. Bwerani mudzaizule inuyo."

Mwini sitolo ya mawigi atafunsidwa analira. Anati za makompyuta sadziwa, kabokosiko anaika ndi a Dechev, katswiri. Wa makompyuta wa kupolisi, bambo wadazi amene palibe anamuonapo akuseka, anatsegula kabokosiko n'kuyang'ana m'kati mwake.

"Zitseko ziwiri, chipinda chimodzi," anatero. "Udine ili, udine ilo, wavomera basi. Dzina, nambala ndi zimene wagula zikutuluka."

"Zikupita kuti?"

"Ku kompyuta ina ya kunja. Kuti a kunjako atiuze mwini wake, muyembekeze mpaka Khirisimasi. Sindinanene kuti ya chaka chino."

Bozhkova sanayembekeze. Anagula nambala yatsopano ya foni. Analowa m'sitolo muja ndi dzina lopeka, nasankha wigi yotsika mtengo kuposa zonse, yofiira ngati tsabola. Anadina lokana.

Lachisanu foni ija inalira.

"Pepani ndi matendawa, mayi," anatero mawu ofewa ngati a wansembe. "Koma munthu wanzeru amakonzekera. Tili ndi mabokosi a mtengo wa thundu, tili ndi a paini…"

"Muli kuti, bambo? Ndibwere ndidzadziyeze ndekha."

Wa mabokosiyo ataona khadi la upolisi sanavute. Anthu a ntchito imeneyo amadziwa nkhani ikatha. Anati manambala amagula kwa Dechev mwezi ndi mwezi: a ogula mawigi, a ogula njinga za olumala, a ogula matewera a akuluakulu. Anasaina zonse, napempha ngati dzina la kampani yake lingabisidwe. Bozhkova anamulanda kompyuta.

Lolemba lotsatira, nthawi ya khofi, Dechev anali pampando wake womwe uja. Bozhkova analowa ndi wapolisi mmodzi. Kumbuyo kwawo kunali Kirova, amene anamva za tsikulo n'kupempha tchuthi kusukulu.

"A Dechev, batani lanu lokana silikana," anatero Bozhkova.

Dechev anaseka, akuyang'ana anzake kuti amuthandize kusekako.

"Bwana, si kuno kwathu? M'Bulgaria muno munthu akapukusa mutu ndiye kuti wavomera. Ine ndinangotsata chikhalidwe."

"Mukauze woweruza. Amakonda za chikhalidwe."

"Mukudziwa amene mukulankhula naye?"

"Ee. Wa mabokosi watiuza. Imani."

Unyolo utalira, onse m'nyumbamo anatembenuka. Mwini malowo anazimitsa wailesi kuti asaphonye kanthu. Kirova anayandikira.

"Foni ija amayi anga anayankha Lachinayi," anatero, osakweza mawu.

Bozhkova anatseka maso. Anachedwa ndi tsiku limodzi.

"Anaganiza kuti bokosilo ndi lawo. Akuti ndatopa nawo, ndikuwafulumizitsa. Chiyambireni sakundilankhula. Ndipo sindingawauze kuti linali langa."

Dechev anatembenukira kwa Kirova. Mawu ake a ku Brussels aja anali atauma.

"Amayi, ndinu munthu wophunzira. Izi n'zolakwika za makina. Tingathe kukambirana ngati anthu, ndikupepesani bwinobwino, inu n'kuchotsa dandaulo…"

"Dikirani, bambo. Ndili ndi katundu wanu. Ndinakutumizirani pa intaneti, simunalandire. Ndiye ndabwera naye pamanja, anthu awa aone kuti wafika."

Kirova anawerama mpaka nkhope yake inayang'anana ndi ya Dechev. Mutu sanaugwedeze, sanaupukuse. Anaugwira nji, kuti pasapezeke womasulira.

"Ayi."

Anatembenukira kwa omwa khofi aja ngati ali m'kalasi.

"Mwamva kumbuyoko?"

"Tamva, aphunzitsi," anayankha madala awiri pamodzi.

"A Dechev, mwalandira?"

Dechev anayang'ana pansi.

"Ndalandira."

Bozhkova anamugwira pachigongono n'kutuluka naye. Kirova anakonza tsitsi lake pagalasi la pakhomo, nayamba ulendo wa kunyumba, kukaphikira mayi amene sakumulankhula.