Mtsamiro wa Mwini Wake

Ine chibwana sichinandithere ngakhale imvi zayamba. Madzulo tisananyamuke ulendo wa kumidzi ya pamwamba pa phiri, ine ndi mlamu wanga tinkalongedza zikwama: mabulangete, chingwe, tochi, machesi okulunga m'pepala la pulasitiki. Mlamu ankangodzitama.

"Alamu, ine phiri ndimakwera ngati mbuzi. Inu mukatsala."

Ndinangoti chabwino.

Mawa lake, titadutsa mudzi wachitatu, tinapeza mulu wa miyala pamphambano. Iye atapatukira kutchire, ndinatolapo miyala itatu n'kuiponya pansi pa chikwama chake. Ankakwera thukuta lili kamukamu, ine ndikuseka chamumtima.

Kenako chifunga chinatseka. Dzanja lako lomwe osaliona. Mwamwayi tinagwera m'kanyumba ka abusa a ziweto, kopanda zenera, chitseko chimodzi. Mlamu anangodzigwetsa n'kugona.

Pakati pa usiku ndinamva kugogoda. Osati pamwamba pomwe munthu amagogoda. Pansi penipeni pa chitseko.

Go. Go. Go.

"Ndani?"

Zii. Ndinakoka chitseko, sichinasunthe. Ndinakankha ndi phewa, ngati ndikukankha phiri lenilenilo. Kumbuyo kwanga mlamu anayamba kupuma mobanika, ngati wina wamukhalira pachifuwa. Ndinamugwedeza, osadzuka.

Mawu anabwera kunsi kwa chitseko, aulemu bwino.

"Pepani bambo. Mtsamiro wanga. Khosi likundiwawa."

Chibwana chonse chinandithera. Ndinakhuthula chikwama cha mlamu. Mwala woyamba ndinaukankhira pampata wa pansi pa chitseko. China chake chinaukoka. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unali waukulu. Ndinautembenuza uku ndi uku mpaka zala kutuluka magazi. Unakana.

"Watsala umodzi," anatero mawuwo.

"Sukudutsa, akuluakulu. Tsegulani ndikupatseni."

"Ndikatsegula, ndilowa."

Sindinapemphenso. Ndinakhala tsonga, mwala pamiyendo, ndikumvetsera mpweya wa mlamu ukulowa ndi kutuluka ngati ukudutsa pa ulusi. Tochi inatha.

Kutacha chitseko chinatseguka chokha. Mlamu anadzuka, koma msana sunawongoke. Tinabwerera, mwala ndili nawo m'manja. Mphambano tinaipeza. Mulu panalibe, ngakhale chizindikiro.

Mayi wina wotema nkhuni anaona mwalawo n'kubwerera m'mbuyo.

"Munthu akafera m'phiri, phiri n'kumusunga, timamuikira miyala kumutu," ananong'ona. "Mukamudzutsa, sagonanso pomwepo. Amakagona kwa amene anamunyamula."

Ndinausiya pomwepo. Titafika kunyumba, unali m'chikwama cha mlamu.

Chaka chatha tsopano. Mlamu amayenda chowerama ngati wabereka munthu, ndipo kuchipatala sapeza kanthu. Mlongo wanga, mkazi wake, akuti usiku amamva anthu awiri akupuma pambali pake.

Dzulo anandifunsa, "Achimwene, kuphiri kuja kunachitika chiyani?"

Ine, munthu wa pakamwa ngati ine, ndinangoyang'ana pansi pa chitseko.