Katoni ya Pansi pa Jipu

Minda anasolola katoni pansi pa jipu, manja ake n'kuzizira. Pakati pake panali banga la oyilo lalikulu ngati mbale, lakuda, lonyowa.

Bambo ake, a Isko, anali ndi chizolowezi chimodzi. Madzulo ankayala katoni pansi pa injini, m'mawa n'kuiyang'ana. Kwa zaka makumi awiri katoniyo inkaonetsa madontho awiri kapena atatu basi. Akaona choncho ankati, "Nkhalamba yagona bwino," n'kuliza galimoto.

Sabata yapitayo anamulola Minda kusintha yekha oyilo, poti kusukulu ankaphunzira zaumakanika. "Ukagule wolemera uja wa masiku onse," anatero. Koma Minda anali ataonera pafoni kuti oyilo wamakono, uja amati sinthetiki, amatsitsimutsa injini. Anagula ameneyo, chigubu n'kubisa kuseri kwa khola la nkhumba. Ankafuna kuti bambo ake adabwe kaye ndi kaliridwe kosalala ka injini, kenako awauze.

Banga loyamba linali ngati chivindikiro cha botolo. Tsiku lililonse linkakula, ndipo tsiku lililonse Minda ankadzuka bambo ake asanadzuke.

Chitseko cha nyumba chinalira. Minda anaponya katoniyo m'tchire, natenga ina yoyera, nadonthezapo madontho awiri ndi chala, n'kuikankhira pansi pa injini. Aka kanali kachisanu.

A Isko anawerama, naisolola. "Yagona bwino," anatero. Kachitsulo koyezera oyilo sanakakhudze n'komwe.

Tsikulo jipu inanyamula kabichi wa mabanja asanu, wina mpaka padenga. Ogula ochokera kumzinda waukulu wa Manila ankanyamuka pamsika wa kuchigwa isanakwane naini koloko, ndipo wochedwa ankatsala ndi kabichi wake akufota. Mayi Puring, oyandikana nawo nyumba, anadzipanikiza kutsogolo pambali pa Minda.

"Isko, chigalimoto chakochi unachigula ine ndikadali ndi mano onse. Tikafika koma?"

"Chinakutengani kukabereka ana anu onse anayi, mayi. Kabichi angachikanike?"

"Nthawi imeneyo chinali chisanayambe kutsokomola ngati mwini wake."

Onse awiri anaseka. Minda anangoyang'ana kutsogolo.

Msewu unkatsika phiri mokhotakhota, thanthwe kumanja, phompho kumanzere. Nkhungu inali isanachoke. A Isko ankatsika ndi giya yaing'ono, injini ikubuula pogwira katundu yense uja. Minda ankadziwa bwino kuchokera m'kalasi zimene zimachitika injini ikauma oyilo pamtsetse wotere: imafa, n'kuleka kugwira katundu.

Atadutsa minda ya mbatata, fungo la oyilo wopsa linalowa pawindo.

"Wina akuotcha matayala," anatero mayi Puring, atatseka mphuno.

Kenako kanyali kofiira kanaphethira pafupi ndi chiwongolero. Kanazima. Kanayakanso. A Isko anakagogoda ndi chala.

"Kanyali aka n'kabodza, kanayamba kalekale," anatero. "Ine ndimakhulupirira katoni. Katoni sinama."

Patsogolo panali khona lalikulu, ndipo kuseri kwake kunali mtsetse wautali wopanda poima.

"Bambo, imani."

"Ukufuna kuthengo? Pirira, tachedwa."

"Imani, bambo. Katoni ija ndinasintha ndine. Oyilo akutayika. Ndinathira wamakono uja, osati wanu."

A Isko sanamuyang'ane. Anaponda mabuleki pang'onopang'ono, nakhotetsera pamalo otakasuka khona lisanafike, nazimitsa injini. Anatsika, naika mwala kutayala. Anasolola kachitsulo koyezera, nakapukuta, nakabwezera, nakasololanso. Kanali kouma, kupatula kansonga kokha.

Mayi Puring anasuzumira kuphompho, nadzilemba chizindikiro cha mtanda.

A Teroy, makanika wa m'tauni amene a Isko anawaimbira foni, anafika panjinga yamoto patapita maola awiri. Analowa pansi pa jipu, natuluka manja ali bii.

"Oyiloyu alibe mlandu," anatero. "Injini yakale ngati iyi, timphira totsekera oyilo tinauma n'kung'ambika kalekale. Litsiro ndi limene linkamata ming'aluyo. Oyilo wamakonoyu watsuka litsirolo, ndiye zibowo zatseguka. Mukanandiuza tsiku loyamba, ikanakhala ntchito ya masana amodzi." Anatembenukira kwa Minda. "Mphunzitsi wako ndani, ndikamupatse moni?"

Minda anagwetsa nkhope.

A Teroy anathira oyilo wokwanira kufikira kumsika. Atafika, dzuwa linali paliwombo, malole a ku Manila atapita. Kabichi wina anatengedwa ndi oweta nkhumba, wina anabwerera kuphiri atafota masamba.

Pobwerera a Isko analankhula kamodzi kokha. "Za oyilo, aliyense amalakwitsa. Inenso ndinathirapo madzi pamalo olakwika ndili mnyamata. Koma masiku asanu ndakhala ndikuwerama pamaso pako kuyang'ana bodza, iwe uli chiimire."

Masana a tsiku lotsatira Minda anayenda nyumba zonse zisanu kukafotokoza yekha. Bambo ake ankatsala kumsewu. Mayi Puring anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamupatsa khasu. "Pepani samera m'munda, mwanawe. Loweruka ubwere, tikadzale wina."

A Teroy atamaliza kusintha timphira tija, a Isko anatenga katoni yatsopano, naipereka kwa Minda.

"Kuyambira lero uziyala ndiwe, uziiona ndiwe. Ine ndizingokufunsa."

M'mawa mwake anamufunsa ali pakhomo, kapu ya khofi ili m'manja.

"Madontho anayi, bambo."

"Anayi? Osati awiri?"

"Anayi. Bwerani muone."

"Ndamva," anatero a Isko, osasuntha pamene anaimapo.

Paja Minda uja anadikira kuulula mpaka kanyali kofiira katayaka. Inu owerenga, chonde, muzinena banga likadali laling'ono ngati chivindikiro cha botolo.